Positala, wailesi, sewero kapena khomo ndi khomo: uthenga wa kolera tiufikitse bwanji kwa anthu?

Mvula yoyamba ikangogwa, m'makomiti azaumoyo a m'midzi, m'magulu a achinyamata ndi m'timabungwe ta m'maboma mumabwera funso lomwe lija la chaka ndi chaka: kandalama kophunzitsira anthu za kolera kafika, tikagwiritse ntchito bwanji? Yankho limatuluka anthu asanakhazikike n'komwe pamipando. Uyu akuti tisindikize mapositala, uyo akuti matisheti, winanso akuti tibwereke galimoto ya chimkuzamawu izungulire pamsika. Ndakhala nawo pamisonkhano yotere kwa zaka zingapo, ndipo chimene chimandiwawa n'choti timasankha njira tisanagwirizane chimene tikufuna kuti munthu akachite akafika pakhomo pake.

Nkhaniyi si yamasewera. Mliri umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022, namondwe wa Ana atangogwetsa zimbudzi ndi kuipitsa zitsime kuchigawo cha kummwera, unafika m'maboma onse a dziko lino ndipo unapha anthu oposa 1,700. Unapitirira wa 2001 ndi 2002, umene kwa zaka zambiri tinkauyesa woopsa kuposa yonse. Sunadikirenso dzinja: m'chilimwe chenicheni anthu ankadwala ku Nkhata Bay, Rumphi ndi Karonga. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndipo mwezi wotsatira Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anakakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera kwa Mgona mumzinda wa Lilongwe. Nthawi yonseyi mauthenga analipo, pawailesi, pamakoma, m'mafoni. Ena anagwira ntchito, ena anangodutsa ngati mphepo.

Choyamba, munthuyo mukufuna achite chiyani?

Mukafunsa mayi aliyense pamjigo kuti kolera imabwera ndi chiyani, akuyankhani bwinobwino: uve, madzi oipa, kusasamba m'manja. Ana a sitandade 3 amaiimba nyimbo yake. Kusadziwa si vuto lalikulu monga timaganizira ife okonza mauthenga. Mayi wa kwa Mtandire amene akutunga pachitsime chosatetezedwa akudziwa kuti madzi a pakiyosiki ndi abwino, koma ndowa iliyonse ndi ndalama, ndipo pakhomo pali zovala za ana asanu zoti achape. Msodzi wa pa Nyanja ya Chilwa amene amagona m'zimbowera, timisasa toyandama pamadzi, masabata angapo osaponda kumtunda amamwa madzi omwewo amene akukhalapo. Chimbudzi angachikumbe pati? Wamaliro amene wapatsidwa beseni limodzi losambamo m'manja anthu makumi awiri sangakane, angaoneke wamwano pamaso pa anamfedwa.

Anthu atatuwa akufunika mauthenga atatu, ndipo mwina njira zitatu zosiyana. Ndiye musanafanizire mitengo ya osindikiza, lembani chiganizo chimodzi papepala: ndani, achite chiyani, liti. "Amayi otunga pachitsime cha kudambo athire klorini m'ndowa, adikire mphindi 30 asanamwe." "Aliyense wotsegula m'mimba mwamadzi ayambe kumwa thanzi pomwepo ali pa ulendo wa kuchipatala, asadikire kuche." Chiganizo chikakana kulembeka mwachidule chotere, dziwani kuti kampeni yanu sinapse. Mawu akuti "Ukhondo ndi udindo wa aliyense" ndi abwino kumva, koma sauza munthu aliyense choti achite ndi manja ake lero.

Positala ndi timapepala

Iyi ndiyo njira imene komiti iliyonse imathamangira, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Positala imaoneka. Mungaijambule chithunzi n'kutumiza kwa amene anapereka ndalama. Ikamatidwa imakhala pamenepo usana ndi usiku osafuna alawansi.

Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu khumi alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi atatu sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo amayi akumudzi, amene amatunga madzi ndi kuphika, ndiwo ambiri m'gulu limeneli. Positala yodzaza mawu imalankhula ndi aphunzitsi ndi alembi a mipingo, osati ndi mwini ndowa. Imene imagwira ntchito ndi ya chithunzi chimodzi chachikulu ndi mawu osapitirira mzere umodzi kapena iwiri.

Ngakhale chithunzicho chili ndi misampha yake. Tsiku lina tinatenga positala imene tinkafuna kusindikiza n'kupita nayo pamjigo wina, kumudzi wa m'mphepete mwa nyanja. Panali mayi wovala bwino akusambitsa mwana m'manja pa mpopi wa m'nyumba, pansi pake sinki yoyera mbee, pambali botolo la sopo wamadzi. Tinangoigwira m'mwamba osanena kanthu, n'kufunsa kuti, "Amayi, mukuonapo chiyani apa?" Mayi wina wachikulire anaiyang'ana nthawi yaitali, mwana ali kumbuyo, kenako anati, "Awatu ndi a m'tauni. Akutsatsa sopo?" Anzake anavomereza. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula kolera. Tinabwerera n'kukauza wojambula kuti achotse sinki ija aikepo mpondagiya: kachigubu komangirira pamtengo, chingwe, kamtengo kopondapo, ndi sopo wa m'thumba la neti atapachikidwa pambali. Titapita nayo kachiwiri, amayi omwe aja anayamba kutsutsana okha za amene ali nacho kale pakhomo pake ndi amene chake chinathyoka. Positala yoyamba ija ikanatidyera theka la bajeti.

Msampha wina ndi kachilombo kojambulidwa mokuza, kokhala ndi mano ndi maso ofiira. Munthu amati m'madzi mwanga mulibe zoterezi, ndikanaziona. Chimene tikufuna amve n'chosiyana ndi chimenecho: madzi angaoneke oyera ngwee koma ali ndi matenda.

Pamene positala imapambana njira zina zonse ndi pa malangizo a muyezo, ikamatidwa pamalo enieni ochitira chinthucho. Kasungunulidwe ka thanzi, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, otsala kutaya pakatha tsiku limodzi, n'kovuta kukakumbukira munthu atangokamva pawailesi, makamaka usiku mwana akutsegula m'mimba. Kapepala ka zithunzi zinayi kopachika m'nyumba kamathandiza pamenepo. Chimodzimodzi muyezo wa klorini womatidwa pamjigo pomwepo, kapena chikumbutso cha kuvundikira dzenje chokhomedwa pachitseko cha chimbudzi cha sukulu. Positala yomweyo mukaimata mu ofesi ya mfumu yaikulu kapena pakhoma la chipatala pakati pa anzake makumi atatu a malungo, a kulera ndi a chifuwa chachikulu, yafa.

Kumbukiraninso kuti chosindikizidwa sichisintha. Mu Okutobala 2022, chifukwa cha kuchepa kwa katemera padziko lonse, mabungwe oyang'anira nkhokwe ya katemera wa kolera anaganiza zoti anthu azilandira kamodzi m'malo mwa kawiri. Aliyense amene anali atasindikiza kale kuti "mubwerenso kudzalandira kachiwiri" anatsala ndi mulu wa mapepala osokoneza anthu. Zinthu zimene zingasinthe pakati pa mliri, monga masiku a katemera ndi malo a misasa ya odwala, musazidinde pa pepala lodula.

Wailesi

Pa kufika kutali, palibe chopikisana ndi wailesi m'dziko limene anthu oposa 80 mwa 100 alionse amakhala kumudzi. Safuna kudziwa kuwerenga, mayi amamvera uku akusenda mbatata, ndipo mafoni ang'onoang'ono ambiri ali nayo kale. Uthenga ungasinthidwe m'mawa n'kumveka masana.

Kusankha kwenikweni kuli pakati pa nyumba zoulutsira mawu zofika dziko lonse, monga MBC ndi Zodiak, ndi mawailesi a m'madera: Dzimwe ku Mangochi, Mudzi Wathu ku Mchinji, Gaka ku Nsanje, ya Nkhotakota, ya Mzimba ndi ena. Kwa gulu laling'ono logwira ntchito m'dera la mfumu imodzi, ine ndimalangiza wailesi ya m'dera pafupifupi nthawi zonse. Mtengo wake ndi wotsika, koma chachikulu n'choti muulutsi amatchula dzina la doko, la msika, la chitsime chimene anthu akuchidziwa, ndipo amalankhula Chiyao, Chisena, Chitumbuka kapena Chitonga monga amalankhulira eni ake. Timaiwala kawirikawiri kuti gogo wa ku Makanjira angamve Chichewa koma osachimva mumtima.

Ndiye pawailesipo muikepo chiyani? Kanyimbo kafupi kamalowa m'mutu, ana amakatola msanga, ndipo n'kabwino pokumbutsa chinthu chimodzi. Koma sikayankha funso. Pulogalamu yoimba foni, pamene dokotala kapena mlangizi wazaumoyo akuyankha omvera, ndiyo imatulutsa zimene anthu akunong'onezana: kuti klorini amachepetsa mphamvu za abambo, kuti katemera ndi njira yoletsa kubereka, kuti wolowa mumsasa wa kolera satulukamo wamoyo. Mphekesera zoterezi sizifa pozinyalanyaza. Zimafuna munthu woleza mtima amene sangaseke wofunsayo. Mukasankha mlendo wolankhula Chingerezi chosakaniza ndi mawu a m'buku, amene amayankha ngati akudzudzula, mwagula ola lathunthu lothamangitsa omvera.

Ganizirani za nthawi. Wailesi ya pakhomo nthawi zambiri imayenda ndi bambo, kudimba, kubawo, pa njinga. Madzulo mpira ukayamba, uthenga wa amayi sumveka. N'chifukwa chake magulu omvera wailesi pamodzi, anthu khumi kapena makumi awiri pansi pa mtengo kenako n'kukambirana, amabweza ndalama yake kuposa kungochulukitsa maulendo oulutsa.

Chofooka cha wailesi n'choti singaonetse. Singakuonetseni kuti chivundikiro cha klorini chidzaze mpaka pati, ndipo sidziwa ngati mwachitadi.

Sewero la pabwalo

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi njira imene ndimaikonda komanso imene ndaiona ikuonongeka kwambiri.

Zisudzo zophunzitsa si zachilendo kwathu kuno. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba, imene pano ndi University of Malawi, akhala akuyenda nazo m'midzi kuyambira kale, ndipo mabungwe monga CRECCOM ndi Story Workshop anakulitsa luso limeneli. Njira yake yeniyeni si yofika ndi sewero lophunzira kale kutauni. Osewera amakhala m'mudzimo masiku angapo, amatunga nawo madzi, amacheza pamabawo, amamva kuti vuto lili pati, kenako amapanga sewero la zimene aona, n'kuliimitsa pakati kuti afunse anthu: apa mayiyu atani?

Pali nkhani zina zimene positala ndi wailesi sizingazikhudze, ndipo yaikulu ndi maliro. Thupi la munthu womwalira ndi kolera limapatsirabe matenda. Azaumoyo amafuna kuti lisasambitsidwe ndi achibale, liikidwe msanga, ndipo pasiwa pasaphikidwe chakudya cha khamu. Kwa ife Amalawi zimenezi n'zowawa kwambiri. Kusambitsa mayi ako komaliza ndi ulemu umene sungabwerezedwe. Kubweza anthu ochokera kutali osadya nsima ndi manyazi a banja lonse. Adzukulu amene akumba manda kuyambira mbandakucha, muwauza bwanji kuti palibe chakudya? Mukalemba papositala kuti "Osasambitsa maliro a kolera", munthu amawerenga n'kunena mumtima kuti olemba awa sanafedwepo.

Sewero limatha kuika ululu umenewu pabwalo. Ndinaonerapo lina pamene mtsikana wosewera ngati mwana wa malemu anagwira beseni ndi nsalu, akulira, akukankhana ndi mlangizi wazaumoyo pakhomo la nyumba. Woyendetsa sewero anakweza dzanja, onse anaima chilili, n'kutembenukira kwa anthu: "Inu a mpingo, inu a kwa mfumu, mwanayu walakwa?" Bwalo linakhala chete kanthawi. Kenako mayi wina wa chigwirizano anaimirira n'kunena kuti mwanayo sanalakwe, koma mwina azaumoyo azilola wachibale mmodzi kuima pafupi, aone ndi maso ake kuti thupi likusamalidwa mwaulemu, ndipo abusa apemphere asanatseke. Bambo wina anati chakudya cha adzukulu chiziphikidwa pakhomo lina, chidyedwe chotentha, ndipo madzi osamba m'manja azithirirana ndi kapu, osapisa m'beseni limodzi. A gulupu anamaliza ndi kulamula kuti kuyambira tsikulo pamaliro alionse pazikhala ndowa ya klorini pakhomo. Mfundo zimenezi sitinabwere nazo ife. Zinachokera pabwalo pomwepo, n'chifukwa chake anthu sakanazikana mawa lake.

Tsono kuipa kwake. Kutsegula m'mimba n'koseketsa pasewero, ndipo wosewera aliyense amadziwa kuti akagwira pamimba n'kuthamangira kutchire anthu agwa ndi phwete. Magulu ambiri amakodwa pamenepa. Anthu amaseka mpaka misozi, amabwerera kwawo akusimba za bambo wa mimba uja, ndipo chimene aphunzira n'choti wodwala kolera ndi munthu wosekedwa. Mawa lake wina akayamba kutsegula m'mimba amabisala m'nyumba kuopa kusekedwa, pamene kolera imatha kumaliza munthu wamkulu m'maola ochepa chabe. Nthabwala ikhalepo yokopera anthu pabwalo, koma isagwere pa wodwala.

Sewero limafunanso mayendedwe, chakudya cha osewera, ndi munthu waluso loyendetsa zokambirana, amene sapezeka wambawamba. Limafika mudzi umodzi pa tsiku. Ndipo pakati pa mliri weniweni, kusonkhanitsa anthu mazana pamalo opanda chimbudzi ndi madzi abwino, ogulitsa mandazi ndi thobwa atazungulira, n'kuitana matenda omwewo. Nthawi yake ndi Seputembala ndi Okutobala, mvula isanayambe.

Khomo ndi khomo, ndi mawu a anthu odalirika

Mukandifunsa njira imene imasinthadi zochita za munthu, ndi iyi. Mlangizi wazaumoyo kapena wodzipereka wa Red Cross akafika pakhomo, amaona yekha kuti ndowa ya madzi akumwa ilibe chivundikiro, kuti kapu yotungira ndi yomwe akumwera ana, kuti chimbudzi chinagwa ndi mvula ya chaka chatha. Amathira klorini mayi akuona, kenako amamupatsa kuti athire yekha. Mayi akanena kuti madziwo amanunkha ndipo bambo amakana kumwa, yankho limabwera pomwepo: muyezo usapitirire, ndowa ikhale yovundikira, fungo limachepa akakhalitsa, ndipo mlangiziyo amatunga kapu n'kumwa iwo akuona. Palibe chikwangwani chingachite zimenezo.

Mtengo wake ndi nthawi ndi miyendo. Alangizi azaumoyo ndi ochepa poyerekeza ndi anthu amene amawayang'anira, ali kale ndi sikelo, katemera wa ana ndi malipoti. Odzipereka amatopa, ndipo mukawazoloweza alawansi, tsiku limene yatha ntchitonso imaima. Kulinso bwino kunena poyera kuyambira pachiyambi zimene alandire ndi zimene salandira, kusiyana n'kuwalonjeza zokoma n'kudzasowa.

Chinanso chofunika kuchisamala ndi nkhope ya wogogoda pakhomo. Ambiri tikukumbukira za 2017, pamene mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zinaphetsa anthu ndipo ogwira ntchito zachitukuko anathawa m'midzi. Pa mliri wa kolera woyamba mu 2022 uja panamvekanso zoti azaumoyo ndiwo akufalitsa matenda, ndipo m'malo ena anthu olusa anaononga zipatala. Mlendo wovala jekete la bungwe, wotsika m'galimoto yoyera, atanyamula mankhwala othira m'madzi akumwa, angathe kuyambitsa chipolowe ngakhale cholinga chake chili chabwino. Yambirani kwa a nyakwawa. Yendani ndi munthu wa m'mudzi momwemo. Pitani kwa abusa ndi kwa shehe musanapite kwa nkhosa zawo, chifukwa mphindi zisanu za pa guwa Lamulungu kapena pa mzikiti Lachisanu zimalemera kuposa timapepala chikwi. Mipingo imene imaletsa mankhwala isakutayitseni mtima: mtsogoleri amene akana katemera angavomere kuwiritsa madzi ndi kumanga chimbudzi, ndipo poyambira pamakhala pamenepo.

Musaiwale magulu amene amakumana kale sabata ndi sabata popanda kuitanidwa: mabanki m'khonde, amayi a kusikelo, anyamata a kabaza pa siteji, makomiti a m'madoko. Simulipira kanthu kuti asonkhane.

Foni

Meseji ya pafoni imafika nthawi imodzi kwa anthu ambirimbiri, koma imalowa pakati pa mauthenga otsatsa mabandulo ndi a mipikisano, ndipo ambiri amaifufuta asanaiwerenge. Imathandiza ikakhala ya dera ndi ya tsiku: katemera ali pasukulu yakutiyakuti Lachitatu. Facebook ndi TikTok zimagwira achinyamata a m'tauni. Ngati amene mukufuna ndi ogula chipisi pachiwaya ndi ophunzira a m'makoleji, kavidiyo kafupi kali ndi malo ake. Kwa mayi wa kumudzi, kumene foni yapamwamba ndi yosowa ndipo bandulo ndi yodula, kuika ndalama pamenepo n'kuthira madzi pamsana pa bakha.

Chimene ndimachiona champhamvu ndi mawu ojambulidwa otumiza pa WhatsApp. Mphekesera zambiri zimayenda mwa njira imeneyi, ndipo yankho liyenera kuyenda msewu womwewo. Mphindi imodzi, mawu a munthu wodziwika m'deralo, wodzitchula dzina ndi udindo wake poyamba, m'chilankhulo cha komweko. Amafika m'magulu a mipingo, a makolo a pasukulu, ngakhale kwa achibale a ku Joni, amene nthawi zambiri ndiwo amatumiza ndalama ya thiransipoti ya kuchipatala ndipo mawu awo amamveka pakhomo.

Pa chilichonse chimene mungapange, ikanipo poti munthu angafunse. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka ndipo pano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, ndi chitsanzo cha malo otere. Musanaidinde nambala iliyonse, iimbeni nokha kangapo, usana ndi usiku, muone ngati ikuyankhidwa.

Matisheti, zitenje ndi chimkuzamawu

Tisheti imasangalatsa woivala ndipo imathandiza kuti odzipereka adziwike. Kupitirira apo, sindinaonepo munthu amene anakumba chimbudzi chifukwa chowerenga pamsana pa mnzake. Chitenje chimakhalitsa ndipo amayi amachikonda, koma n'chodula, ndipo kugawa kwake kumabala madandaulo a amene sanalandire. Galimoto ya chimkuzamawu ndi ya zadzidzidzi: kulengeza kuti chitsime chakuti chatsekedwa, kuti msasa wa odwala watsegulidwa pakuti. Ikamayenda mothamanga nyimbo ili pamwamba, anthu amangomva chidutswa cha chiganizo.

Kuopseza, kuchititsa manyazi, kapena kulimbikitsa

Njira iliyonse mwa izi ingathe kunyamula mawu amtundu uliwonse, ndipo apanso pali kusankha. Ambiri timakonda kuopseza: bokosi la maliro, zilembo zofiira, "Kolera imapha!" Mantha amadzutsa munthu, zoona. Koma mantha opanda chochita amangomufooketsa, kapena amamuchititsa kubisa wodwala. Chimene sitinena mokwanira n'choti kolera imachizika, ndipo odwala ambiri amachira ndi thanzi yekha akayamba kumwa msanga. Amene afooka kwambiri ndiwo amafuna diripi. Munthu amene anagonekedwa mumsasa n'kutulukamo, akaima pamaso pa anzake n'kunena kuti ndinapita ndikutsegula ngati madzi otsukira mpunga ndipo lero ndikulima, amachotsa mantha a msasa kuposa dokotala aliyense. Mupempheni chilolezo momveka bwino, ndipo akakana musamukakamize.

Manyazi agwirapo ntchito pa kampeni zothetsa kuchita chimbudzi patchire, pamene mudzi wonse umayenda limodzi kukaona malo amene anthu amadzithandizira n'kunyansidwa pamodzi. Mudzi ukadzichitira wokha manyazi, zimayenda. Koma chala chikaloza munthu mmodzi, kawirikawiri chimagwera gogo wamasiye amene alibe womukumbira dzenje. Uthenga wabwino pamenepo ndi wopempha anyamata a m'mudzi kuti akamukumbire.

Ndipo pali chinthu chimene uthenga wokoma chotani sungachite. Mukauza anthu kuti athire klorini pamene klorini kulibe kwa mlangizi, mwawaphunzitsa kuti mawu anu ndi opanda pake, ndipo ulendo wina sadzamveranso. Namondwe wa Freddy atasesa Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma ena mu Malichi 2023, anthu anaunjikana m'makalasi ndi m'matchalitchi, mazanamazana pa zimbudzi zowerengeka. Pamalo otere ndowa yokhala ndi kampopi ndi mtanda wa sopo ndiwo uthenga. Ngati ndalama ikukwana chimodzi chokha, kusindikiza kapena kugula sopo ndi klorini, ine ndimagula sopo ndi klorini n'kupempha a mfumu kuti alankhule.

Ndikanakhala ndi kandalama kanu

Kwa gulu la m'mudzi limene likukonzekera mvula isanagwe, ndikanaika gawo lalikulu pa maulendo a khomo ndi khomo ndi masewero awiri kapena atatu okhudza maliro ndi kubisa odwala, n'kusindikiza timapepala tochepa ta zithunzi za thanzi ndi klorini tosiya m'nyumba zimene tayendera. Kwa dera la m'tauni lothithikana ngati Ndirande kapena Mgona mliri uli mkati, ndikanasiya zosonkhanitsa anthu, n'kudalira wailesi, mawu a pa WhatsApp, chimkuzamawu cholengeza malo a chithandizo, ndi munthu woima pakiyosiki ndi pachitsime kuthira klorini m'ndowa iliyonse yochoka pamenepo. Kwa asodzi, amene sapezeka pakhomo ndipo amasamuka ndi nsomba, ndikanapita padoko mbandakucha pamene maboti akukocheza, kudzera mwa eni zilimira ndi komiti ya padoko, n'kuonetsetsa kuti boti lililonse likunyamuka ndi chigubu cha madzi othira mankhwala ndi mapaketi angapo a thanzi.

Chilichonse mungasankhe, uthenga wazaumoyo uyambe waonedwa ndi ofesi ya zaumoyo ya pa boma, kuti muyezo ndi malangizo zisasemphane ndi zimene alangizi akuphunzitsa. Ndipo musatumize kwa osindikiza kapena ku situdiyo musanayese pa anthu eni ake. Sizifuna ndalama zambiri. Pezani anthu khumi a mtundu umene mukufuna kuufikira, osati anzanu a mu ofesi kapena a m'komiti. Aonetseni mmodzimmodzi, chifukwa pagulu onse amatsatira amene wayamba kuyankha. Musafotokoze kanthu. Funsani kuti akuona chiyani, akuuzidwa kuti achite chiyani, munthu wa pachithunziyo ndi wa kuti, ndipo pali mawu amene awakhumudwitsa kapena ayi. Mwa khumiwo atatu akasochera, bwererani kwa wojambula. Pakatha masabata awiri kampeni itayamba, pitaninso m'makomo omwewo nthawi ya m'mawa, pemphani madzi akumwa, ndipo mununkhize kapuyo musanamwe.